Chifuwa cha Malume

Malume atabwera kuchokera ku Kitwe, ku Zambia komwe ankagwira ntchito pafakitale yosungunula zitsulo, anati anditenge ndikagwire nawo. Agogo, alimi a fodya amene anandilera makolo anga atamwalira, anaimirira. Anamuyang'ana mwana wawoyo ngati akusankha fodya. Anamutembenuza, ananunkhiza jekete, kenako anamuuza kuti akwere chulu cha kuseri kwa chigafa choumitsiramo fodya.

Malume anafika pamwamba akutsokomola ngati mbuzi.

"Ndi fumbi chabe, amayi. Nanunso fodya amakutsokomoletsani!"

"Chifuwa changa chimatha tikamanga mabelo," anatero agogo. "Chako cha utsi wa zitsulochi wakwera nacho basi mpaka kuno. Mwanayu sapita."

Ine ndinali nditapukuta kale nsapato zaulendo. Ndinazibwezera pansi pa bedi, malume akadali pachulu kufunafuna mpweya.