Mfuti ziwiri za atate

Ndikukumbukira chaka chimene atate anabwera kuchokera ku mafamu a ku Zimbabwe ndi mfuti ziwiri za mphepo, zija zoombera mbalame. Ndinali ndisanathe msinkhu, tikukhala kwa Mlolo. Atate anali ndi nyumba ziwiri: yathu, ndi ya amayi aang'ono a Luziya, amene anachokera ku Mozambiki ndi mwana wawo Zuze, wamsinkhu wanga.

Mapira anali atayamba kufiira, mpheta zitavuta. Atate anayala mfutizo pamphasa. Ina inali yokalamba, mtengo wake wotupsuka, m'kati muli sipuling'i. Inzake yakuda, yosalala, m'kati muli gasi wotsekeredwa. Anatola yakudayo n'kupatsa Zuze. Ine, mwana wawo wobala okha, anandiponyera chokalambacho.

Abale inu, chinandiwawa! Yangayo poipinda pabondo kukonzekera kuomba inkalira ngati chitseko cha khola. Ukaomba, thwaa! kenako sipuling'i n'kumanjenjemera mpaka m'mano, phewa lonse dzanzi. Ya Zuze inkangoti thu, basi yatha, njiwa ili pansi. Iye ankaipindiratu m'mawa n'kukhala pansanja akudya nzimbe, kudikira mbalame. Ine atate anandiletsa: ukaisiya chipindire, sipuling'i imatopa. Ndiye mbalame ikatera, ndiyambe kulimbana ndi bondo, iyo yapita kale.

"Nelia, wapha zingati lero?" ankandifunsa Zuze madzulo, njiwa zikulendewera m'chiuno.

"Choka apa! Ndi mfutiyo, si iwe."

Amayi anga nawo ankathira mafuta. "Waona? Zabwino zonse zimalowera nyumba ijayi." Ine ndinkagona ndi mawuwo, kudzuka nawo.

Tsiku lina ya Zuze inangofa. Gasi anatuluka, chipolopolo n'kumagwera pamapazi. Wokonza njinga ku boma la Chadiza anaitembenuza, n'kuibweza: sipuling'i akanasula, koma mpweya autenga kuti? Mtima wanga unavina, sindibisa. Pamene mpheta zinadzaza munda wa amayi aang'ono, atate kulibe, amayi anga anati, "Pita ukawathandize, aone yamphamvu ndi iti."

Ndinafika a Luziya atawerama, akumanga mapesi ogwa. Ndinapinda mfuti, n'kuomba m'mwamba. Thwaa! Mpheta zinauluka ngati utsi. Ndinacheuka kuti andiyamike, koma a Luziya kunalibe. Ndinawapeza atagona chafufumimba mumzere, nkhope m'dothi, manja atagwira kumutu, akuitana maina a anthu amene sindinawamvepo. Chitenje chawo chinali chitanyowa. Zuze anathamanga n'kuwagwira msana, akunena motsitsa, "Amayi, ndi Nelia. Tili kuno, sitili kwathu." Sanandikalipire. Anangondiuza ndi maso kuti ndichoke.

Atate atamva, sanatole ndodo. Anandikhazika pamtondo wogwetsa.

"Iwe umayesa ndinasankha mwana? Ndinasankha khutu. Amayi ako aang'onowa anasiya anthu awo atafa m'munda ngati womwe uja, tsiku limene mfuti zenizeni zinalira pa nkhondo ya ku Mozambiki. Nanga ndikanaika yaphokosoyi pakhomo pawo?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Manyazi a munthu wamkulu sauza mwana."

Kuyambira pamenepo munda wawo tinkaulonda ndi Zuze pokuwa ndi kugwedeza mapesi, mfuti yanga itatsala kunyumba. Njiwa za Zuze ndinkazikumbukirabe, ndipo kunena zoona, yakuda ija mpaka lero ndimaisirirabe. Nsanje sikalamba msanga.

Koma tsopano ndili ndi zidzukulu, ndipo nanenso ndimagawa mosalingana: uyu bulangete lokhuthala, uyo lopyapyala. Wolandira lopyapyala amandiyang'ana ndi diso lomwe ndinayang'ana nalo atate. Ndimangomusiya adane nane pang'ono, chifukwa chimene mnzakeyo amanjenjemerera usiku si changa choti ndiulule.