Kukatenga Chimbale kwa a Tembo ku Chipangali

Ndinanyamuka Lachinayi m'mamawa, mtima uli m'mwamba. Zinali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndili woyang'anira laibulale pa koleji ya aphunzitsi ku Chipata, ndipo kompyuta imodzi yokha ya koleji yonse inali kwa ine. Lolemba a Pulinsipo anali atandiuza, mwaulemu ndithu: "Mai Phiri, makinawa mwangowafunditsa nsalu ngati mkwatibwi. Mukapanda kutisonyeza pamsonkhano wa Lachisanu kuti amathandiza kuphunzitsa, apita kuofesi azikataipa makalata." Ndinayankha kuti chabwino, koma m'kati ndinali kuwira. Miyezi yonse ija ndikulowetsamo mayina a mabuku ndi zala ziwiri, lero isanduke taipilaita?

Chiyembekezo changa chinali kwa a Tembo, mkulu wina wosunga mabuku pa kasukulu ka alimi cha ku Chipangali. Anali atandilembera kalata kuti analandira mphatso ya chimbale cha kompyuta, chomwe akuti chili ndi mabuku ambirimbiri a zaulimi ndi zaumoyo, koma iwo makina ochiwerengera analibe. Nditapempha kuti anditumizire, anakana. Katundu wa laibulale sapita papositi, wobwereka abwere yekha adzasaine.

Pa siteshoni ya basi ya Kapata ndinafika 6 koloko. Kondakitala wa minibasi ya msewu wa ku Lundazi anandilanda chikwama m'manja akufuula, "Mmodzi yekha, Amai, tinyamuke!" Ndinalipira K4,000, n'kukhala kumbuyo. Bodza lake! Theka la anthu amene ndinawapezamo anali anzake ongodzaza mipando, ndipo ankatsika mmodzimmodzi wokwera weniweni akafika. Dalaivala ankaliza injini, n'kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwepo. Wotchi yanga ndinaiyang'ana mpaka mayi wina wa thumba la nshawa, kapena kuti mtedza, amene tinakhala naye anandiseka.

"Muli ndi maliro, anzanga?"

"Iyayi, ndikukatenga chimbale."

"Cha nyimbo?"

"Cha mabuku."

Anandiyang'ana ngati ndamwa m'mawa. Nditafotokoza kuti mabuku odzaza mashelefu akhoza kulowa m'kanthu kochepa ngati sosala, anati, "Ngati ali anzeru choncho, mukawafunse za anankafumbwe. Nkhokwe yanga yasanduka ufa chaka chisanathe." Tinanyamuka 9 koloko itadutsa.

Msewuwo masiku amenewo unali maenje okhaokha, phula lili apo ndi apo. Dalaivala ankasankha dzenje loti alowemo, ife mitu ikugunda denga. Tinaima kutsitsa mbuzi, tinaima kukweza malata, tinaimanso kuti kondakitala akapereke moni kwa apongozi ake. Apo ndinalephera kudzigwira. "Inu abambo, ena tili pantchito!" Anabwera akutafuna chinangwa, n'kunena kuti, "Kuthamanga sikufika, madamu." Basi yonse inaseka.

Pamphambano ya ku Chipangali ndinatsika dzuwa lili pamutu. Ndinagula vitumbuwa viwiri ndi kapu ya thobwa, koma ndinadya choimirira, maso ali kumsewu wafumbi. Kunabwera lole yopita kukatenga thonje. Dalaivala anati K1,500, ndikwere kumbuyo pa masaka opanda kanthu. Ndinakwera ndi nsapato zanga za kuofesi, ulemu wonse wa ukoleji n'kuusiya pansi. Pofika pasukulupo cha m'ma 1 koloko ndinali wofiira kuyambira kuduku mpaka kuphazi.

Laibulale ya a Tembo inali kachipinda kamodzi, koma ukhondo wake! Buku lililonse lili pamalo pake, lodindidwa, lokhala ndi nambala. Iwo anali atavala tayi m'kutentha konseko. Anandilonjera mosafulumira, kufunsa za ana, za a Phiri kunyumba, za mvula ngati ikuonetsa zizindikiro kutauni. Ine miyendo ikungogwedezeka pansi pa tebulo. Kenaka anatsegula kabati ndi kiyi wa m'thumba, n'kutulutsa kabokosi kapulasitiki atakagwira ndi manja awiri.

Nditatsegula n'kutembenuza chimbalecho, mayo ine! Kumbali yonyezimira ija, imene makina amawerenga, anali atamatako ndi guluu kapepala kolembapo tsiku lobweza buku. Pambali pake chidindo cha sukulu chili mbee, inki yapepo.

"A Tembo! Mwachita chiyani apa?"

"Ndachilowetsa m'laibulale, monga mwa lamulo," anatero modekha. "Mbali inayi ili ndi zolemba kale. Sitidinda pamwamba pa zolemba, inunso mukudziwa. Ndinadinda kopanda kanthu."

"Kopanda kanthu? Mabuku onse ali komweko! Safunsa anadya phula, a Tembo!"

Mawuwo anatuluka ndisanawaganize, kwa munthu wa msinkhu wa bambo anga. Iwo anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Ndikanafunsa yani, mwana wanga? Chinabwera mu envulopu, popanda munthu. Chaka chathunthu ndachipukuta fumbi, sindikudziwa ngakhale liwu limodzi lili m'menemo." Manyazi anandigwira. Ndinapepesa, koma mantha sanachoke, chifukwa mawa linali Lachisanu ndipo chinanso choti ndikasonyeze ndinalibe.

Mwayi wake, guluuyo anali uja wa m'maofesi, wosungunuka ndi madzi. A Tembo anakatenga beseni ndi madzi ofunda kunyumba kwawo. Tinachiviika, awirife titaweramira besenilo ngati tikusambitsa khanda. Kapepala kanayandama kokha. Inki ndinaipukuta ndi kasopo pang'ono ndi nsonga ya duku langa, pang'onopang'ono, ndikupemphera chamumtima. Yambiri inachoka, koma m'mphepete munatsala kamthunzi kapepo. Ngati chidzawerengeka kapena ayi, panalibe wotiuza pamenepo.

A Tembo anayanika kapepala kaja pawindo, n'kukamata mkati mwa kabokosi, n'kudindapo tsiku. Anandipatsa khadi kuti ndisaine. "Masabata awiri, Mai Phiri." Pondiperekeza kumsewu anatsitsa mawu. "Chikatseguka, mudzandiuzeko zimene ndakhala ndikusunga. Alimi akundifunsa za anankafumbwe, buku langa la zimenezo ndi lakale kuposa inu."

Pobwerera lole yomwe ija inali itadzaza thonje, choncho ndinakhala pamwamba penipeni, kabokosi nditakakulunga m'chitenje, nditakakumbatira pachifuwa. Pamphambano ndinadikira ola lathunthu ndikuyendayenda uku ndi uku. Minibasi itabwera, malo anali pa injini pokha, potentha paja. Ndinanyamula chikwama m'mwamba njira yonse kuopa kuti chimbale chingapindike, mkono mpaka kuchita dzanzi. Bambo wina anandifunsa ngati ndanyamula mazira. Ndinati inde, kuti andisiye.

Pakoleji ndinafika 6 koloko itadutsa, dzuwa likulowa. Sindinapite kunyumba. Ndinatsegula laibulale, n'kuvundukula kompyuta, n'kulowetsa chimbale. Chinayamba kuzungulira, kulira, kusiya, kuliranso. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. A Pulinsipo, amene ankapita kwawo, anaona chitseko chotsegula n'kusuzumira.

"Mai Phiri, mwachokera kumunda?"

Ndisanayankhe, pagalasi panatuluka mndandanda wa mabuku, wautali osaona pothera. Ndinataipa dzina la anankafumbwe m'Chingerezi. Masamba anabwera, zithunzi zili pomwepo: kachilombo kaja, nkhokwe, kaumitsidwe ka chimanga. A Pulinsipo anakoka mpando osaitanidwa. "Tabwererani pa chithunzi chija. Aphunzitsi a zaulimi aziona zimenezi mawa." Mabuku angapo anakana kutseguka, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi aja anali pansi pa kamthunzi kapepo. Koma a Pulinsipo atadzuka, anayang'ana kompyuta ija n'kunena kuti makalata apitiriza kutaipidwa pa taipilaita.

Atatuluka ndinasindikiza masamba a anankafumbwe, a a Tembo. Mayi wa nshawa uja sindinamufunse dzina, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Kenaka ndinatulutsa chimbale, n'kuchiika patebulo kuti ndichilembe m'kaundula wa zobwereka. Ndinazindikira dzanja langa litagwira kale chidindo, litachinyowetsa kale mu inki, lili m'mwamba. Ine yemwe, wakutauni, wodziwa makina, amene ndinakalipira mkulu masana omwewo! Zaka zambiri dzanja likadinda chilichonse cholowa pakhomo, silidikiranso mutu.

Ndinakankhira chimbale kutali, n'kudinda pa masamba a a Tembo, m'munsi, pamene panalibe zolemba.