Namwino anandilembera mimba ya miyezi isanu, amuna anga ali ku Joni

Mphindi zitatu. Ndi nthawi imene namwino wa pachipatala china chaching'ono cha kuno ku Dedza anatenga kuti agwedeze ukwati umene ndaumanga zaka zisanu ndi chimodzi. Dzina la chipatalacho ndalisunga kaye. Eni ake akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti awerenga, chifukwa foni sichoka m'manja mwawo ngakhale wodwala ali pampando.

Ine ndine Esinta, uja wogulitsa kachewere pa Chimbiya, kumunsi kumene amaima maminibasi a ku Lilongwe. Ambiri mumandidziwa ndi thupi. Ndine wonenepa, inde, ndipo ndili ndi tindevu pachibwano. Zimenezo musavutike kundiuza, galasi ndili nalo. Chimene simudziwa n'chakuti thupi limeneli linayamba kusintha ndili kale pabanja. Diresi imene ndinavala paukwati wanga lero singadutse ndi m'mapewa momwe. Kudya ndi komwe kuja, ntchito ndi yomwe ija yosenza matumba ndi kukwera zitunda, koma thupi kumangopita. Kusamba kwanga nakonso n'kwa mwayi. Mwezi uno ndaona, kenako miyezi itatu zii, nthawi zina inayi. Mwana ndilibe. Mizu yowawa ndamwa ya mtundu uliwonse, manovena ndachita mpaka mawondo kuda.

Amuna anga, a Lenadi, ali ku Joni. Ananyamuka mu Epulo chaka chatha ndipo sanabwerepo. Ine ndinatengedwa chitengwa, ndimakhala kwawo, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, nyumba yanga moyang'anana ndi ya apongozi anga aakazi. Mfundo ziwirizi muzigwire bwino.

Masabata atatu apitawo, Lachiwiri, ndinati ndipite kuchipatala. Miyezi isanu inali itakwana ndisanasambe, m'chiuno mukupweteka. Ndinanyamuka 5:30 m'mawa, nkhungu ili mbuu, kuzizira kwa Julayi kukulowa mpaka m'mafupa. 6:45 ndinali pabenchi. Chitseko chinatsegulidwa 8:20. Lachiwiri ndi tsiku la sikelo, ya amayi apakati ndi ya ana yomwe, choncho khonde linali lodzaza. Pabenchi ya ana panali alamu anga a Naphiri, mlongo wawo wa a Lenadi, atabwera kudzakweza mwana sikelo. Tinapatsana moni bwinobwino, mpaka ndinawagawira mbatata yootcha imene ndinatenga.

11:10 ndinalowa. Namwino wake ndi uja wa magalasi ndi wigi yofiirira. Maso pafoni.

"Vuto?"

"Sindikusamba, amayi. Miyezi isanu tsopano."

Anakweza maso. Kunkhope kwanga sanafikeko, anathera pamimba.

"Miyezi isanu, ndiye mukubwera lero? Mumadikira kuti mwana atulutse dzanja akupatseni moni?"

"Si mimba, amayi. Zimandichitika chonchi kuyambira kale. Mwina mundiyeze mkodzo."

"Zoyezera zinatha. Komanso mimba yooneka ndi maso chonchi tiyezerenji? Ine ntchitoyi ndinayamba inu musanathe msinkhu."

Sanandigoneke pabedi. Sanandikhudze ndi chala chomwe. Kachitsulo kaja komvetsera mtima wa mwana kanali patebulo pomwepo, katapatsidwa ntchito yopsinja mapepala kuti asauluke. Anatenga buku langa la kuchipatala, n'kulemba kuti ndili ndi pakati pa miyezi isanu, n'kudinda chidindo.

Ndinati, "Amayi, amuna anga ali ku Joni chaka ndi miyezi itatu. Mimba ingachokere kuti?"

Apa n'kuti atanyamuka kale, atatsegula chitseko kuti aitane wina. Yankho langa analiperekera pakhomo pomwepo, nkhope italoza kukhonde, mawu ali pamwamba.

"Zimenezo musandifunse ine, sindinalipo! Lamulo la sikelo mukulidziwa, ulendo woyamba mumabwera ndi bambo. Ngati amuna anu ali ku Joni, abwere mwini wake wa mimbayo. Wotsatira!"

Khonde lonse linatembenuka kundiyang'ana. Kenako wina kumbuyo anaseka. Ndinatuluka wotchi ikuti 11:13. Nditayang'ana pabenchi ya ana, a Naphiri anali atabereka kale mwana kumbuyo. Sikelo ya tsiku limenelo sanaidikirenso.

Ndikufunseni, a namwino. Kusukulu kwanu anakuphunzitsani kuti mkazi aliyense wonenepa ndi wapakati? Maso anuwo anasanduka makina ojambulira liti? Ngati zoyezera zinatha, cholembera chinalekeranji kutha nacho? Nanga chitseko chija anachiikapo kuti chizigwira ntchito yanji, ngati zachinsinsi za odwala mumalengezera pakhonde?

Ndinafika kumudzi 1 koloko. Nkhani inali itafika kale, itakhala pansi, itamwa ndi madzi omwe. Apongozi anali pakhomo panga ndi azimayi ena atatu.

"Tatipatsani bukulo."

Ndinawapatsa, poti ndinalibe chobisa. A Naphiri anajambula tsambalo ndi foni, n'kutumiza ku Joni ine ndikuona. Apongozi anati, "Zaka zonsezi timati ndinu chumba, tikumakumverani chisoni. Kani mumachita kusankha wobereka naye? Mwamuyalutsa kawiri mwana wanga. Mawa anthu aziti wosabereka ndi iyeyo."

2:15 foni inalira. A Lenadi.

"Esinta, ine ndikugona m'chisakasa kuno, kusenza njerwa tsiku lonse kuti tikhome malata, iwe ukuchita zimenezi?"

Ndinalumbira. Ndinalira. Ndinawakumbutsa kuti vuto la kusambali akulidziwa okha, akhala nalo m'nyumba zaka zonsezi.

"Chidindo ndachiona ndi maso anga. Chipatala chinganame?" Anadula.

Abale anga, chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulakalaka tsiku limene wachipatala adzandiuze kuti ndili ndi pakati. Ndinali nditakonzeratu ndi mmene ndidzawauzire amuna anga. Mawu amenewo ndawamva kamodzi kokha m'moyo wanga. Anali abodza, ndipo tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe ndinali panjinga ya kabaza ndi chikwama chimodzi, kubwerera kwa amayi anga kufupi ndi Kasina.

Lachinayi lake mkulu wanga ananditengera ku Lilongwe, kuchipatala cholipira. Dokotala wake anali mayi wachichepere, wamng'ono kwa ine. Anatseka chitseko. Anandifunsa mafunso mphindi makumi awiri, za kusamba, za thupi, za tindevu, za kuda kumene kuli kumbuyo kwa khosi langa kumene ndakhala ndikukupala ndi mwala zaka zonsezi poyesa litsiro. Anayeza mkodzo, mimba palibe. Anandijambula m'mimba, mwana mulibe. Kenako anatembenuza makinawo kuti ndione ndekha timadontho takuda titandandalika m'mbali.

Anati matenda anga dzina lake ndi PCOS. Mazira amayamba kukula koma sakhwima kuti atuluke, amangotsalira momwemo ngati timatuza. N'chifukwa chake kusamba kumadumpha, n'chifukwa chake mimba imavuta. Thupi silisungunula bwino shuga, ndiye kunenepa kuja, ndiye khosi lija. Tindevu nato ndi tomwemo. Anati sindinalodzedwe, sindine wosusuka, ndipo amayi ambiri a vutoli amabereka akathandizidwa. Anandipatsa mapiritsi, anandiuza zoyenera kuchepetsa pa chakudya, n'kunena kuti amuna anga akabwera tikapite limodzi, pali mankhwala othandiza kuti dzira likhwime.

Ndinalira pamaso pake mopanda manyazi. Zaka zonsezi ndimadziyesa wotembereredwa, pamene ndi matenda okhala ndi dzina ndi mankhwala ake. Ndipo pachipatala chathu chija ndapitapo kasanu ndi dandaulo lomweli. Kasanu konse amandipatsa panado n'kundiuza kuti ndichepetse mafuta.

Mukuganiza kuti nkhani inathera pomwepo? Ine ndinaganiza choncho. Ndinanyamula kalata ya dokotala ndi chithunzi chija, ulendo kwa apongozi, mutu uli m'mwamba. Sanaigwire n'komwe.

"Mwapita ku Lilongwe ndi mimba, mwabwerako wopanda mimba, muli ndi kalata m'manja. Ife ndife ana? Zochitika m'zipatala zolipira timazimva."

Mwamva? Sabata yoyamba ndinali wachigololo. Sabata yachiwiri ndinakwezedwa udindo, ndine wochotsa mimba. Pa Chimbiya anzanga amene timabwerekana mabeseni amasiya nkhani ndikafika. Kutchalitchi amayi a kwaya amasendera ndikakhala nawo pafupi. A Lenadi ndinawatumizira kalatayo, anaiwerenga, n'kuyankha kuti mutu wawo waima. Ati zipatala ziwiri zanena zinthu ziwiri, ndipo chimodzi ndi chimene ndinasankha ndekha. Sindikuwaikira kumbuyo, andikhumudwitsa kwambiri. Koma munthu ali kutali, m'khutu muli mayi ake, m'foni muli chidindo, mumati atani?

Lachitatu lapitali ndinabwerera kwa mwini chidindo. 7 koloko ndinali pabenchi. 10:40 ndinalowa, n'kutseka chitseko ndekha, poti ndaona kuti kumeneko ndi ntchito ya wodwala. Ndinaika patebulo buku langa ndi kalata ya ku Lilongwe.

"Ine ndimaona anthu ambiri, sindikukukumbukirani."

Ndinatsegula tsambalo. "Kalembedwe aka ndi ka ndani?"

Anayang'ana, anawerenga kalata ija, n'kungoti, "Ooh." Anatenga cholembera, n'kukhwatcha mzere umodzi pa mawu ake aja.

"Basi, ndakonza."

"Amayi, andithamangitsa pabanja chifukwa cha zimene munanena pakhomo apo. Ndikupempha mundilembere kalata yoti simunandiyeze, kapena muwauze alamu anga pakamwa."

"Za m'mabanja ife sitilowerera. Komanso inu nomwe muli ndi mbali yanu. Mukanakhala ndi thupi labwinobwino ndani akanasokonezeka? Chepetsani kudya, mayi."

Ndinapempha kuonana ndi mkulu wa pachipatalapo. Ati ali kumsonkhano ku Salima. Abwera liti? Sakudziwa. Ndinafunsa bokosi la madandaulo. Anandilozera kuseri kwa chitseko cha kumankhwala. Lilipodi, lokhoma bwino, ndipo pakamwa pake mavu anamangapo chisa.

Za m'mabanja simulowerera? Munalowamo kale, mayi, ndi nsapato zomwe. Pakhonde paja pakamwa panu panali potseguka bwino. Lero mwachita chibwibwi? Mzere umodzi wa cholembera ufafaniza zimene anamva anthu odzaza mabenchi anayi?

Amayi anzanga, makamaka inu a thupi ngati langa, inu amene kusamba kumakudumphani, chaona mnzako chapita. Munthu asalembe kanthu m'buku lanu asanakuyezeni. Akati zoyezera zinatha, tengani buku lanu muzipita. Ndipo mukaona ndevu, kunenepa kosadziwika bwino ndi kusamba kodumphadumpha, funsani za PCOS ndi pakamwa panu, musadikire kuti akuuzeni.

Tsopano mverani kumene nkhani yafika. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri agwirizana kuti akhale pansi sabata yamawa, aone ngati ukwatiwu upitirire kapena uthe. Dzulo atsibweni anga, amene ndi nkhoswe yanga, anandifunsa kuti tikakumane kwa ndani, kwathu kapena kuchimuna.

Ndinati, "Atsibweni, mlandu amazengera pamene unachitikira."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana iwe watengera agogo ako. Chabwino, ndikawauza."

Akuchimuna avomera mosavuta, poti akuti akufuna akamve okha kwa namwino amene anaona mimbayo. Ndiye a namwino a magalasi, konzekani alendo. Lachiwiri likubwerali, tsiku la sikelo, 7 koloko m'mawa, pakhonde lanu padzakhala atsibweni anga, amayi anga, apongozi, a Naphiri, ankhoswe a kuchimuna, ndi ine Esinta ndi thupi langa lonseli. Mphasa tibweretsa tokha, mabenchi tisiyira odwala. Sitidzatukwana munthu, sitidzaswa kanthu. Tidzangokufunsani, anthu onse akumva, kuti munandiyeza ndi chiyani, munandigwira pati, ndipo mwana wa miyezi isanu amene munalemba m'bukuyo munamuona ndi diso liti. Mudzayankhire pakhomo pomwe paja, ndi mawu okweza omwe aja. Mukakana kutuluka, dzina la chipatala ndi lanu lomwe ndidzalemba pano masana ake, ndipo kalata idzapita kwa akuluakulu anu ku boma.

A Lenadi adzakhala pafoni kuchokera ku Joni. Anena okha kuti akamva kuchokera pakamwa panu kuti simunandiyeze, abwera mu Disembala tikayambe mankhwala aja ku Lilongwe. Akapanda kumva, ndisawadikirenso. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mwana ndikumufunabe, wa mwamuna yemweyu.

Choncho Lachiwiri musapite kumsonkhano, mayi. Musapemphe tchuthi, ndipo musadwale. Mukadwala, ife ndife anthu achifundo. Tidzabwera kunyumba kwanu kudzakuzondani, tonse, ndi ankhoswe omwe.