Dzanja la Whyson ndi Phewa la Apongozi

Ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, mukafunsa za Whyson Miti wopanga mbaula, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma mukati, "Uja woseka," ngakhale wodutsa chabe akulozerani njira. Bamboyu anabadwira ku Katete, nabwera ku Lusaka ali mnyamata ndi malaya amodzi, napeza ntchito pa fakitale ina ya mabulangete, nakwatira Justina, mtsikana wa kwawo komweko. Lero ndi nkhalamba, ndipo adzukulu ake akamaseka okha ndi mafoni m'manja iye amangowayang'ana mwachisoni. Amati kuseka wekha ndi matenda.

Kuseka kwa Whyson kunali ndi vuto limodzi: kunkatulukira m'dzanja. Nthabwala ikamufika pamtima, dzanja lake lamanja linkanyamuka lokha n'kukagwera paphewa la amene wayandikana naye, phaa, ndipo linali dzanja lozolowera nyundo. Anthu anaphunzira kumusiyira malo. Justina yekha ndiye ankalimba mtima kukhala kumanja kwake, atapinda chitenje n'kuchisanjika paphewa ngati nkhata.

Tivi anaigula nthawi imene Kwacha inali ndi ulemu. Inali yakuda ndi yoyera basi, ndipo poti nyumba yake inalibe magetsi, inkayendera batire ya galimoto. Lachitatu lililonse m'mawa Whyson ankakweza batireyo pa wilibala n'kupita nayo ku galaja ya kumsewu wa Kafue kukaidzazitsa moto, akuikankha mosamala ngati wanyamula wodwala. Madzulo ake, dzuwa litangolowa, kunkabwera sewero lina lakalekale la azungu. Munali bambo wonenepa wa sitolo ya mawotchi, mkazi wake wamtali wosadziwa kumwetulira, ndi mlamu wake amene chilichonse akachigwira chinkasweka. Mayina awo enieni palibe anavutika nawo. Ku Chawama anali Chimimba, aNsungwi ndi Kaphwanya.

Kenaka zinthu zinayamba kuthina. Fakitale inachepetsa antchito, ndipo dzina la Whyson linali m'gulu la ochepetsedwawo. Ufa unasanduka wa pamzere, shuga wa pamzere, sopo wa pamzere, mwina n'kufika kutsogolo n'kumva kuti zatha. Whyson anayamba kusula mbaula ndi zitini zakale kumsika. Anagulitsa njinga, anagulitsa sofa, anagulitsa ndi suti ya ukwati yomwe. Tivi ndiye ayi. Anthu ankati a wailesi yakanema nawonso asauka, n'chifukwa chake akungobwereza masewero omwe aja, koma Whyson ankaseka ngati akuwaona koyamba.

"Ba Whyson, aka tinakaona kudala," anadandaula tsiku lina Chalwe, mnzake wa nyumba yoyandikana, m'Chinyanja cha m'tauni.

"Nanga bakazi banu simunabaone zulo?" anatero Whyson. "So lelo simuzabayangana?"

Anthu ankadzaza pabalaza, ena pamipando yobwera nayo okha, ena pansi, ambiri atangomwa tiyi wopanda shuga. Kwa kanthawi kameneko palibe ankakumbukira mimba yake.

Koma mbiri ya njala imayenda. Inafika ku Katete kuti Justina, mwana wa aNangoma, akuwonda m'tauni, ndipo alongo ake a Justina anagwirizana kuti mlongo wawo abwerere kumudzi ndi ana, mkamwini atsale ndi zitini zake. Kwa Achewa ana ndi a kuchikazi, choncho awa sanali mawu ongoopseza. ANangoma, amayi a Justina, anati apita okha akaone ndi maso awo, ndipo chimene akanene chidzakhala chomwecho. Anatsika basi ndi kathumba ka mtedza, nkhope ili gwa.

Whyson anachita mantha kwambiri. Ankamukonda Justina, ndipo ana ake atatu, Fred ndi ang'ono ake, ankawakonda mpaka kupusa nawo. Chuma choti aonetse analibe. Chimene anatsala nacho chinali ulemu, ndipo anatsimikiza kuti ulemuwo auonetsa mpaka apongozi atope nawo. Mwambo wa kwawo ndi woti mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi aakazi, sawayang'ana kumaso, ndipo kuwakhudza ndiye n'kosayerekezeka. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ku Chawama kulibe tchire, choncho Whyson ankapatukira m'ngalande. Moni ankaperekera kuseri kwa chitseko atagwada, ndipo mawu onse ankadzera kwa Justina.

Zonse zinayenda bwino mpaka Lachitatu. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, ndipo aNangoma ankagona pabalaza, pomwe panali tivi. Anthu anabwera monga mwa masiku onse n'kukhala. ANangoma anakhala pamphasa yawo, osasuntha. Mwini tivi anaima panja, pawindo, chipewa chili m'manja.

Kaphwanya atangolowa m'sitolo atanyamula makwerero, Whyson anadziwa kuti wagwa m'mavuto. Analuma chipewa. Misozi inatsika. Dzanja linanyamuka, linasowa phewa, n'kumenya khoma mpaka dothi linayoyoka. M'nyumbamo anthu anaseka mwamanthamantha, akuba maso kuyang'ana mlendo.

"Justina," anatero aNangoma, maso ali pa tivi, "anthu akusekawo ali pati? Ndikumva khamu, koma ndikuona atatu."

"Ali momwemo, amayi. Saoneka."

"Nanga wonenepayu walakwa chiyani kuti azimuseka anthu obisala?"

Whyson sanathe kupirira. Chingerezi chake chinali cha pafakitale, chongokwanira kuvomera bwana, koma nkhani za Chimimba ankazidziwa kuposa amene anazilemba. Anagwada pansi pa windo n'kulankhulira m'mwamba.

"Amake Fred, bauzeni bamai kuti uyo wamakwelelo ni mulamu wake. Anabwela kuchezela chabe, manje ni chaka chachitatu akalibe kuyenda."

Justina anabwereza mawuwo m'Chichewa cha kumudzi, ngakhale amayi ake anali atamva kale.

"Hmm," anatero aNangoma. "Alamu otere aliko."

Sanaseke. Koma Lachitatu lotsatira, dzuwa lisanapendeke n'komwe, anafunsa Justina ngati bambo a Fred akumbukira kupita ndi chibatire chija.

Chalwe ndiye anabwera ndi nzeru. Anati n'zochititsa manyazi kuti munthu azionera tivi yake pawindo ngati wakuba, ndipo anamanga chingwe kuchokera pakhoma la kumbuyo mpaka pafupi ndi tivi, n'kupachikapo nsalu yofunda. Balaza linagawika pawiri. Mbali ina amuna, mbali ina akazi, onse akuona Chimimba, koma mkamwini ndi apongozi osaonana. ANangoma anaiyendera nsaluyo, anaigwira, anati palibe cholakwa. Justina anaika kampando kake mbali ya akazi, mogundana ndi nsalu, kuti dzanja la mwamuna wake likanyamuka limupeze pamalo pake. Amayi ake anawakhazika kutali, kukhoma.

Njira imeneyi inagwira ntchito bwino kwambiri moti Whyson anayamba kunyada. Ankafotokoza sewero kudzera m'nsalu, Justina n'kumapatsira. ANangoma anayamba kuyankha. Ankadana ndi aNsungwi chifukwa chosapatsa mwamuna madzi osamba, ndipo ankati Kaphwanya akanakhala wa ku Katete akanamupititsa kwa sing'anga. Kuseka kokha ndiye ayi. Masana ankayang'ana m'thumba la ufa, ankapsinya timikono ta adzukulu awo, ndipo Whyson akamva zimenezi tulo tinkamuthawa.

Lachitatu la tsokalo, ku galaja magetsi anazima batire isanakhute. Madzulo sewero linayamba bwinobwino, koma posakhalitsa chithunzi chinayamba kufota. Chimimba anaonda, sitolo inachepa, zonse zinasonkhana pakati pa galasi ngati kabokosi ka machesi. Anthu anasendera kutsogolo. Nthawi yomweyo fungo la nyemba zopserera linalowa m'nyumba, ndipo Justina anathamangira panja ku mbaula. ANangoma, amene kukhoma kuja sankaonanso kanthu, anaona kampando kopanda munthu pamalo abwino, n'kukhalapo mwakachetechete.

Whyson sanadziwe. Maso ake anali pa Kaphwanya, amene anali atabisala m'kati mwa wotchi yaikulu yoimirira, pamene Chimimba ankaigulitsa kwa mayi wina wolemera. Mayiyo anafunsa ngati wotchiyo imalira. Chimimba anaigogoda. M'katimo Kaphwanya anayetsemula, chitseko chinatseguka, ndipo anagwera m'manja mwa mayi uja atakumbatira zitsulo zonse za wotchiyo.

Whyson anaphulika. Dzanja linanyamuka, linadutsa ndi nsalu yomwe, n'kutera paphewa ndi mphamvu zake zonse. Linamenyanso kachiwiri. Kachitatu linagwira phewalo n'kuligwedeza, ndipo chingwe cha Chalwe chinaduka. Nsalu inagwa pansi.

Mkamwini ndi apongozi anayang'anana, mphuno ndi mphuno, dzanja lidakali paphewa. Otsala akuseka anali anthu obisala a mu tivi aja, ndipo anaseka nthawi yaitali ndithu batire isanawatseke pakamwa.

Momwe Whyson anatulukira palibe anaona bwino. Ena amati anadzera pakhomo, Chalwe mpaka lero amalumbira kuti anadzera pawindo. Nsapato imodzi inatsala. Anakagona kwa Chalwe, ngati kumeneko kunali kugona, akungobwereza kuti wadzipha yekha: "Nazipaya neka. Bazayenda nabo bana banga." Chalwe anayesa kumutonthoza, koma akangotsegula pakamwa chikhakhali chinkamutsamwitsa, mpaka mkazi wake anamutulutsa panja.

M'mawa Chalwe anatsogola monga nkhoswe, atavala jekete, nkhope ataikonza. Whyson anagwada kuseri kwa nyumba, pakona, pomwe mawu amafika koma maso safika. ANangoma anakhala pamphasa pakhonde atafulatira, Justina ali pambali pawo. Kathumba kawo kanali kale komanga, ndipo Whyson anali atakaona pobwera.

"Bamai," anayamba Chalwe akuomba m'manja, "uyu munthu alakwa maningi. Kwanja kwake kulibe nzelu. Ise tonse muno mu komboni tinamenyewapo."

"Justina," anatero aNangoma, "uwauze a nkhoswe kuti mlanduwu ndi wa nkhuku. Yoyera kapena yakuda, ine ndilibe nazo kanthu, koma ikhale nkhuku, osati mbaula."

"Bamvela, bamai," anatero Chalwe.

"Uwauzenso bambo a Fred kuti ine ndinabwera kudzakutenga. Usiku womwe ndinafika ndinali nditaganiza kale. M'nyumba muno mulibe shuga, mulibe sopo, ana miyendo ngati bango. Alongo ako sananame."

Whyson anatsamira khoma. Anafuna kunena kuti mbaula ziyamba kuyenda dzinja likafika, kuti akafunsanso ntchito ku mafakitale, koma mkamwini salankhula apongozi asanamalize.

"Bambo ako anali ndi ng'ombe," anapitiriza aNangoma. "Nkhokwe sinkatha. Anali munthu wabwino, sanandimenyepo, sanandinyozepo. Koma mpaka ndinawaika m'manda, sindikumbuka tsiku limene ine ndi iwo tinaseka chinthu chimodzi. Ndakhala muno ndikukuona iwe ukuseka ndi mwamuna wako muli ndi njala, ndipo ndimati ndi uchitsiru wa m'tauni. Dzulo phewa landipweteka usiku wonse. Ndiye ndimati ndikatembenuka, n'kukumbuka chitsiru chija chikugwa m'wotchi..."

Mawu anathera pomwepo. Msana wawo unayamba kugwedezeka. Justina anaganiza kuti amayi ake akulira ndipo anawagwira mkono, koma chimene chinatuluka chinali kamawu kakang'ono kosongoka, ngati chitseko chosowa mafuta, kenaka chikhakhali chenicheni cha mayi wamkulu, chopita m'mwamba n'kubwerera. Chalwe, amene anadzigwira kuyambira m'mawa, anagwa cham'mbali ndi jekete lake. Justina anabisa nkhope m'chitenje. Akazi a nyumba zoyandikana, amene ankanamizira kusesa, anataya matsache. Pa Chawama ponse munthu mmodzi yekha ndiye sanaseke, ndipo anali Whyson, atagwada pakona, akudikira.

ANangoma anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, anakonza mawu, n'kubwezeretsa nkhope ija anatsika nayo basi.

"Ndikwera ndekha," anatero. "Alongo ako ndikalankhula nawo ine. Justina atsala, ana atsala. Tikakolola ndidzatumiza thumba la chimanga pa basi, chifukwa anthu oseka samachedwa kumva njala."

Whyson anayamba kuomba m'manja mothokoza, pang'onopang'ono monga mwa mwambo. Anangopitiriza kuomba, mutu uli pansi, misozi ikugwera m'fumbi, mpaka aNangoma anauza mwana wawo kuti akamudzutse mwamuna wake asanathyole manja ofunika kusulira mbaula.