Singano Zisanu za Amayi Verónica

"Muziyamba mwaziphika, amayi, kenaka n'kumanola," anatero a Cipriano, nkhalamba imene inkasesa pa postu ya zaumoyo ku Chidzolomondo. "Singano yochoka m'thupi la wodwala siyoseweretsa." Amayi Verónica anangoti, "Ndamva, bambo." Koma sanatero ayi, ndipo chifukwa chake muchimvetse, inu ana amene mukubaya odwala masiku ano.

Amayiwa anabadwira ku Tsangano, kwa alimi a mbatatesi. Ali mtsikana ankayamba asesa m'kapela, katchalitchi ka m'mudzimo, asanapite kumunda. Atakula anaphunzira unamwino ku Tete, boma n'kuwatumiza ku Chidzolomondo, m'dera la Macanga. Amuna awo a Lázaro anaponda bomba pamsewu wa ku Furancungo. Amayi analira, koma atangoika maliro anakatsegula postu.

M'chaka cha 1987 anthu amfuti anatentha postuyo, mudzi wonse n'kuthawira kuphiri. Amayi anapulumutsa korona yawo yopempherera ndi kachitini ka singano zisanu. Zisanu zokha, anthu mazanamazana! Zikabuntha ankazinola pamwala. Kuphiriko moto ankakoleza kamodzi patsiku, mothamanga, poti utsi unkaitana mfuti. Tsono aphike liti singanozo? Asananole, kuti adziteteze okha, kapena atanola, kuti odwala abayidwe ndi zoyera? Iwo anasankha odwala.

"Zidzakuphani zimenezi," ankatero a Cipriano.

"Moto ndi umodzi, bambo. Ndiupatse yani, ine kapena khanda la mnansi wathu Luísa likutentha thupilo?"

Tsiku lina kunabwera msilikali wa maso achikasu. Sanamufunse kuti ndi wa mbali iti, anangomubaya mankhwala. Ponola singano imene anamubayirayo, inaterereka n'kuwalasa chala chachikulu. Magazi anangotuluka kadontho kamodzi. Anayamwa chalacho, anachita chizindikiro cha mtanda, napitiriza kunola. Kadontho musamakapeputse, ananu!

Patapita miyezi itatu maso awo anachita chikasu. Chakudya chinawakana, mimba inatupa. Analeka okha kubaya, kuopa kupatsira ena, n'kumaphunzitsa Luísa ali chigonere pamphasa. Kudandaula sitinakumve. Ankangowerenga korona.

Lachisanu lina m'mawa anaitana Luísa. "Tenga kachitinika, mwanawe. Koma iweyo uziyamba waphika. Moto wachiwiri uziupempha ndithu, usachite manyazi ngati ine."

Anatseka maso mwakachetechete dzuwa lisanafike pamutu. Mayi amene anaimbira maliro ambirimbiri anaikidwa popanda nyimbo, kuopa kuti amfuti angamve.