Ndowa ya Wumbei

Wumbei, wokonza njinga pamsika wa Aboabo ku Tamale, anali wofatsa ngati nkhosa, koma akalowetsa mutu m'ndowa ankasanduka chilombo. Loweruka lililonse m'sewero la pa wailesi, ndiye anali Kazembe Gbaru, wankhanza wosamukira kumwezi amene ankayamwa mitambo ya dziko lapansi ndi makina kuti amwetse mzinda wa mbuye wake. Liwu lochokera m'ndowamo linkaliritsa ana.

Mwatsoka, seweroli linagwera m'chaka chimene mvula inachedwa. Amayi ogulitsa zilazi anayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira. Choipitsitsa, abale ake atapereka mtedza wa kola wofunsira mbeta Sanatu, azakhali a mtsikanayo, Mma Lariba, anaubweza osaulawa. Anati iwo si mwana, akudziwa kuti ndi sewero, koma kuseka kwa Gbaru munthu sachita kuphunzira, kumachokera mumtima.

Zinamuwawa Wumbei mpaka anafuna kusiya. Sanatu anakana.

"Ukathawa lero, udzafa uli Gbaru. Kamalize, iwe wam'ndowa iwe."

M'gawo lomaliza, Gbaru anafika mumzinda uja anauphera anthu, n'kupeza mulibe ndi mmodzi yemwe. Munali nyumba zokhazokha ndi makina obwereza mawu a ana amene anafa kalekale. Wotsogolera sewero analoza ndowa. Wumbei anaikankha ndi phazi, ndipo omvera onse anaimva ikugubuduka. Kenako analankhula ndi liwu lake lenileni, lija amapepesera nalo eni njinga tayala likaphwanso.

"Ndinaumitsa munda wa mayi anga pothirira manda. Tsegulani, madzi abwerere kwawo."

M'seweromo asilikali a Gbaru anamugwetsa pampando, koma ankamvetseranso ndani? Msika wonse unali kupukuta misozi.

M'mawa mwake Mma Lariba anatulukira pogwirira ntchito pa Wumbei, nkhope ili gwa, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana iwe, wandiliritsa pamaso pa akamwini anga. Kola uja ali kuti?"

Wumbei anali atausunga m'masamba, n'kumauwaza madzi tsiku ndi tsiku kuti usaume. Anautulutsa n'kuwapatsa. Mayiwo anaswa umodzi, naluma, natafuna mosafulumira ogulitsa zilazi onse akuona.

"Wotsalawu abwere nawo akuluakulu ako Lachisanu, tikaweruka ku mzikiti. Ndowayo ubwere nayo wekha, mkamwini. Yathu inabooka."