Chala cha Aphunzitsi a ku Yofu

Anthu a pa Likoma sankadziwa dzina la ntchito yanga, ndipo ine ndinatopa n'kufotokoza. Ndinkangoti ndimaphunzitsa manja amene afa ndi matenda kuti ayambirenso kumanga mabatani, kugwira supuni, kusoka ukonde. Ndinali nditagwira ntchitoyi zaka khumi ndi ziwiri, zisanu pachilumbapa, pamene yunivesite ina ya ku Joni inayankha kalata yanga. Inati ikhoza kunditenga pa maphunziro a digiri ya udokotala, okonzedwera anthu amene ali kale pantchito ngati yangayi. Aka kanali kachitatu kupempha, ndipo ndinali ndi zaka makumi anayi. Ndinadziwa kuti kachinayi sikadzakhalapo.

Ankafuna lipoti la wodwala mmodzi, ndi pepala losainidwa ndi mwiniwakeyo kuvomera kuti nkhani yake ilembedwe. Lipoti ndinali nalo kale, la aphunzitsi ena opuma pantchito a ku Yofu amene sitiroko inawapha dzanja lamanja. Miyezi isanu ndi itatu ndinayenda wapansi kuchokera kuchipatala ku Chipyela, Lachiwiri ndi Lachisanu, mpaka zala zawo zinayamba kufumbata kapu. Koma kalata ya ku yunivesite inachedwa m'njira, ndipo makalata athu ankachoka ndi sitima kamodzi pa sabata. Ndikanaphonya sitima ya Loweruka limenelo, mapepala akanafika atatseka kale kulandira.

Lachiwiri ndinatenga pepala lija ndi kabokosi ka inki kodindira chala n'kupita nazo ku Yofu. Kwathu ku Dedza zimenezi si nkhani: amene sangathe kulemba amadinda, basi. Nditakaika patebulo, aphunzitsi anakayang'ana ngati ndawaikira khoswe wakufa.

"Mwanangu, ichi n'chiyani?"

"N'chongodindira chala, atate. Sizitenga nthawi."

"Agogo anga ankalemba. Bambo anga ndiwo ankalemba mayina a obatizidwa kutchalitchi. Ine ndaphunzitsa theka la chilumba chino kugwira cholembera. Pakhomo pano sitidinda chala, ayi. Dzina langa ndilemba ndi dzanja langa lomweli, tsiku limene lidzathe."

Ndinawapempha kuti ayese ndi lamanzere. Anakana, amvekere limenelo silikhala dzina lawo. Ndinagwada pansi ine, mayi wamkulu, ndi yunifomu yanga yomwe. Anangondiuza kuti ndidzuke, ndikudetsa zovala.

Masiku atatu otsatirawo ndinasiya zonse n'kumakhalira ku Yofu. Ndinakulunga cholembera ndi nsanza, n'kumanga ndi mphira kuti chinenepe. Ndinawalembetsa pamchenga, kenako pasileti. Anayesetsa ndithu, thukuta lili kamukamu. Chilembo choyamba chinkatuluka, pachiwiri cholembera n'kugwa. Ntchito ndimaidziwa, ndinkaona kuti pakufunika mwezi, mwina iwiri. Mweziwo ndinalibe. Ndipo ndivomere, ndinayamba kudana nayo nkhalamba ija.

Loweruka m'mawa ndinali pakhomo pawo pamene sitima inalira. Akazi awo anali kudimba. Ndinati, "Atate, tiwongole zala kaye." Anandipatsa dzanja monga ankachitira masiku onse, osayang'ana n'komwe. Ndinalisisita, n'kutambasula chala chachikulu. Kabokosi kaja ndinali nditatsegula kale pamiyendo panga. Ndinadinda pa inki, ndinadinda papepala. Dzanjalo linalibe mphamvu zothawira, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo kuposa munthu wina aliyense.

Sanakuwe. Anayang'ana chala chakudacho nthawi yaitali, kenako anati, "Pitani, sitima ingakusiyeni."

Ndinathamanga mpaka ku Chipyela, n'kupereka envulopu kwa namwino mnzanga amene ankapita ku Nkhata Bay kuti akaponye kupositi. 

Yunivesite inanditenga. Ndisananyamuke ndinapita ku Yofu katatu. Ulendo uliwonse akazi awo ankandilandira bwino, kundipatsa mpando, n'kundiuza kuti aphunzitsi agona. Kachitatu ndinawaona aphunzitsiwo pawindo ali chikhalire, dzanja atalibisa m'jekete. Ndinaitana, koma sanacheuke.

Kusukuluko lipoti langa analiyamikira kwambiri, makamaka gawo lonena za kulemekeza zofuna za wodwala. Nditabwerako patatha zaka zitatu, anthu akunditchula kuti adokotala, ndinapeza aphunzitsi atamwalira. Akazi awo anandiuza kuti kuyambira Loweruka lija sanalolenso munthu kukhudza dzanjalo, ndipo zala zinapindikiratu.

"Anasiya mawu," anatero mayiwo. "Ankati mukadzabwera ndidzakufunseni ngati anthu ophunzira a kumeneko anafunsako kuti mphunzitsi anadindiranji chala."

Ndinafuna kunama, koma ndinalephera. Ndinawauza kuti palibe anafunsa.